Ofufuza a pa Yunivesite ndi Zokambirana za Kusintha kwa Nyengo: Mafunso ndi Mayankho

Novembala akamayandikira, nthawi ya msonkhano wa mayiko wa zanyengo wotchedwa COP, mafunso omwewa amatipeza paliponse: m'makalasi a University of Malawi ku Chirunga, pa misonkhano ya m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, ngakhale mu minibasi yochokera ku Chinamwali munthu akangodziwa kuti ntchito yathu ndi kafukufuku wa zachilengedwe. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofunika kukhalira pansi.

COP n'chiyani?

Ndi msonkhano wa pachaka wa mayiko amene ali m'pangano la United Nations lokhudza kusintha kwa nyengo, lotchedwa UNFCCC. Mayiko anayamba kulisaina mu 1992 ku Rio de Janeiro, linayamba kugwira ntchito mu 1994, ndipo dziko la Malawi linalivomereza chaka chomwecho. Msonkhano woyamba unachitikira ku Berlin mu 1995. Nambala imene mumamva kumapeto imangowerenga misonkhano: COP21 ndi wa ku Paris mu 2015, COP29 wa ku Baku mu 2024, COP30 wa ku Belém m'dziko la Brazil mu 2025.

Ofesi yaikulu ya panganoli ili ku Bonn, ku Germany, ndipo kumeneko kumachitika zokambirana zina mwezi wa Juni chaka chilichonse. Atolankhani sazilabadira kwenikweni, koma zambiri zimene zimakapakulidwa ku COP zimakhala zitaphikidwa ku Bonn.

Amene amalankhulira dziko la Malawi kumeneko ndani?

Boma. Nthambi yoona zachilengedwe, imene ili ku Lilongwe, ndiyo imalumikizana ndi ofesi ya ku Bonn komanso kutsogolera nthumwi zathu. Koma dziko laling'ono likalankhula lokha mawu ake amamira, choncho timalankhula kudzera m'magulu: gulu la nthumwi za mu Africa, gulu la mayiko osaukitsitsa lotchedwa LDC, ndi gulu lalikulu la G77 ndi China. Mu 2024 wapampando wa gulu la LDC, lomwe lili ndi mayiko oposa 40, anali Mmalawi, a Evans Njewa. Ndi iwo ankatsogolera gululi ku Baku pamene nthumwi za mayiko osauka ndi za mayiko a m'zilumba zinatuluka kwa kanthawi m'chipinda chokambirana, posakhutira ndi momwe nkhani ya ndalama inkayendera.

Ku COP sachita chisankho choponya voti. Mfundo imadutsa pokhapokha ngati palibe dziko loikana poyera. N'chifukwa chake misonkhanoyi imachedwa kutha, ndipo n'chifukwa chake zotuluka zake zimakhala zosukuluka poyerekeza ndi zimene tinapita nazo.

Ndiye anthu a pa yunivesite amakatani, poti si boma?

Malo ofufuza a pa yunivesite sakambirana m'malo mwa dziko, ndipo alibe mpando wawo patebulo. Ntchito yawo ndi kunolera mpeni amene akukasenda.

Wofufuza amalowa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kukhala woonerera: bungwe lake limalembetsa ku UNFCCC, likavomerezedwa limapatsidwa zitupa zowerengeka. Mabungwe a kafukufuku ali ndi gulu lawo lotchedwa RINGO. Woonerera amatha kumvetsera zokambirana zotseguka, kuchititsa msonkhano wapambali wofotokoza zimene wapeza, ndi kukumana ndi nthumwi m'makonde. Zinthu zikafika povuta zitseko zimatsekedwa, iye n'kutsala panja. Njira yachiwiri ndi yoti boma limuike pa mndandanda wa nthumwi zake monga katswiri. Pamenepo amalowa m'chipinda, koma pakamwa pake pamatuluka zimene dziko lagwirizana, osati maganizo ake.

Kuti mumvetse kufunika kwa munthu wotereyu, taganizirani chipinda chokambirana usiku. Chikalata chili pakhoma, aliyense akuchiwerenga, ndipo mawu amene sanagwirizanebe atsekeredwa m'mabulaketi. Nthawi yomweyo, m'zipinda zina, akukambirana za ndalama, za ulimi, za msika wa kaboni (kugulitsana ziphaso za mpweya woipa umene wachepetsedwa). Mayiko olemera amakhala ndi munthu wake pa mutu uliwonse, ndi wina womulandira akatopa. Nthumwi ya dziko losauka imathamanga chipinda ichi ndi icho, tulo tili m'maso. Ikalandira uthenga pafoni kuchokera kwa katswiri woti ndime yakuti yasinthidwa, ndipo kusinthako kukutanthauza chakuti kwa alimi athu, imakhala yapulumuka. Katswiriyo akhoza kukhala pampando wakumbuyo, akhozanso kukhala ku Zomba konkuno, kompyuta ili pamiyendo.

Liwu limodzi limasintha zinthu. Ku Paris mu 2015, chikalata chomaliza chinachedwa kuvomerezedwa chifukwa pa ndime ina panalembedwa liwu lachingerezi lakuti "shall", lotanthauza kuti mayiko olemera akukakamizidwa, pomwe dziko la America linkafuna "should", lomwe limangolimbikitsa. Analisintha, n'kunena kuti kunali kulakwitsa polemba.

Kodi ku Zomba kuno kuli malo ochita ntchito yotereyi?

Zomba ndi mudzi wa ofufuza kuyambira kale. Kuno kuli University of Malawi, imene ambiri timaitchulabe kuti Chanco, kuli nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM, malo osungira ndi kufufuza zomera a National Herbarium, ofesi yowerengera anthu ya NSO, ndi malo a kafukufuku wa zaulimi ku Makoka.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi bungwe la LEAD la chigawo cha kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, limene linakhazikika pa Chancellor College motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha. Kuyambira mu 2010, ndi thandizo la dziko la Norway, bungweli pamodzi ndi FRIM ndi WorldFish linayendetsa ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa, m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, kupirira kusintha kwa nyengo. Munali kubzala mitengo, kuyeza madzi a m'mitsinje, ndi matenti oumitsira nsomba padzuwa kuti amayi ogulitsa matemba asamadalire nkhuni kapena kuyanika pamchenga.

Chilwa ndi nyanja imene ofufuza sangaisiye. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo imadalira mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imauma: zinachitika mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato pa doko la Kachulu anakhala pamatope ong'aluka. Ndi malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar.

Zimene munthu wayeza ku Kachulu zimafika bwanji ku Bonn?

Zimadzera m'malipoti a boma. Dziko lililonse limapereka ku UNFCCC zikalata zofotokoza mpweya wotenthetsa dziko umene likutulutsa, mavuto amene likukumana nawo, ndi thandizo limene likufuna. Polemba zikalatazi boma limadalira kwambiri akatswiri a m'masukulu aukachenjede.

Zimadzeranso ku IPCC, gulu la asayansi limene linakhazikitsidwa mu 1988. Gululi silichita kafukufuku wakewake. Limawerenga zimene ena anasindikiza kale n'kuziphatikiza mu lipoti limodzi, ndipo lipotilo ndi limene nthumwi za mayiko onse zimatsamira pokangana. Apa ndi pamene pagona nkhani. Zimene sizinasindikizidwe, IPCC siziona. Kafukufuku wabwino wotsekeredwa m'kabati ya dipatimenti, wophunzira atalandira digiri yake n'kupita, safika kulikonse. Tili ndi makabati otere ambiri, ndipo zimenezi zimatiwawa.

Njira yofulumira kuposa zonse ndi kapepala ka masamba awiri kolembera nthumwi zisananyamuke, kofotokoza manambala ofunika ndi mawu oyenera kuwakana.

Aliyense anaona zimene namondwe Freddy anachita. Umboni wina ukufunikiranji?

Funso limeneli limafunsidwa mopsa mtima, ndipo ofunsawo sitiwadzudzula. Mu Malichi 2023 anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chiradzulu, mabala ake akadalipo.

Koma m'chipinda chokambirana chisoni chokha sichiwina mlandu. Wa mbali inayo amafunsa kuti: mvula yotereyi inkagwa kangati kale, ndipo pano ikugwa kangati? Kodi si napolo amene makolo anu ankamudziwa kale? Funsoli silopanda pake, pakuti napolo anagumula Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991. Kuti tiyankhe, pamafunika manambala a mvula ya tsiku ndi tsiku a zaka makumi angapo, opanda mipata.

Mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, asayansi a gulu la World Weather Attribution anafufuza mvula imene anamondwe a nyengo imeneyo anabweretsa ku Malawi, Mozambique ndi Madagascar. Anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunaikulitsa. Koma analephera kunena kuti kunaikulitsa ndi mlingo wotani, chifukwa manambala oyenera a kumalo oyezera mvula anali osowa. Mlandu tinali nawo, mboni n'zimene zinaperewera.

Tsiku lina tinafika pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi nyanja ya Chilwa, komwe mphunzitsi wina wakhala akuyeza mvula mongodzipereka. Anatitulutsira kope la chikuto chong'ambika, lokutidwa m'pepala la pulasitiki la shuga. M'mawa uliwonse, ana asanalowe m'kalasi, amathira madzi a m'choyezera mu kabotolo ka mizere, n'kulemba. Pakati pa kopelo panali masamba opanda kanthu. "Apa choyezera chinabedwa, achimwene," anatero, "ndiye ndinadikira china miyezi itatu." Miyezi itatuyo inali ya dzinja. Palibe kompyuta imene ingaibweze. Kwa ife, ntchito ya malo ofufuza pa zokambirana za mayiko imayambira pa kope ngati limenelo: kulipeza, kulikopera, kuliyerekeza ndi manambala a nthambi yoona zanyengo, ndi kuonetsetsa kuti choyezera chikabedwa china chifike sabata yomweyo.

Mawu akuti "zowonongeka ndi zotayika" amatanthauza chiyani? Ndi chipukuta misozi?

Zokambirana za nyengo zili ndi miyendo itatu. Woyamba ndi kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko. Wachiwiri ndi kupirira, monga kubzala mbewu zocha msanga kapena kumanga milatho yolimba. Wachitatu ndi zimene zawonongeka kale ndipo kukonzekera kulikonse sikukanaziteteza: nyumba yokokoloka, munda wokwiririka ndi miyala, manda a makolo opita ndi madzi.

Mayiko osauka analimbana zaka pafupifupi 30 kuti mwendo wachitatuwu ukhale ndi thumba lake la ndalama. Mu 2013 ku Warsaw kunakhazikitsidwa ndondomeko yokambirana nkhaniyi, koma yopanda ndalama. Thumba linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, n'kukhazikitsidwa ku Dubai mu 2023.

Pachichewa tikhoza kunena kuti ndi chipukuta misozi, koma m'zikalata mawuwo anakanidwa. Mfundo zotsagana ndi pangano la ku Paris, la mu 2015 lija, zimanena poyera kuti nkhaniyi siyipereka maziko oti dziko lina liimbidwe mlandu kapena kulipitsidwa. Choncho ndalama za m'thumbali ndi zopereka mwa kufuna kwa woperekayo.

Ofufuza ali ndi ntchito yovuta pano. Mtengo wa mlatho umawerengeka. Nanga mwana amene wasiya sukulu chifukwa kalasi yake yasanduka msasa wa othawa madzi? Nanga msodzi wogona pa chimbowera, kamsasa koyandama pa nyanja, amene wadwala kolera? Zinthu zotere zikapanda kulembedwa mwadongosolo, siziwerengedwa konse.

Ndalama zimene zimalonjezedwa zimafikadi?

Zina zimafika, mochedwa ndiponso mochepa. Mu 2009 ku Copenhagen mayiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Bungwe la OECD, lomwe ambiri mwa mamembala ake ndi mayiko olemera, linati mlingowu unakwana mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole. Ku Baku anagwirizana madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, pomwe mayiko osauka ankafuna 1.3 thililiyoni.

Yerekezani manambala awiri awa. Kauniuni wa boma ndi mabungwe atapita Freddy anapeza kuti kukonzanso zinthu m'Malawi kunkafuna madola pafupifupi 680 miliyoni. Malonjezo onse a thumba la zowonongeka ndi zotayika ku Dubai, la dziko lonse lapansi, anali pafupifupi madola 700 miliyoni.

Komabe si zoona kuti palibe chimene chinafikapo. Thumba la Green Climate Fund linavomereza mu 2015 ntchito ya M-CLIMES, yolimbikitsa kuyeza nyengo ndi kuchenjeza anthu msanga m'Malawi. Boma la Scotland, limene linali loyamba kulonjeza ndalama za zowonongeka ndi zotayika pa msonkhano wa ku Glasgow mu 2021, linatumiza gawo lina kuno. Ndalama zotere sizibwera zokha. Zimafuna chikalata chopempha chokhala ndi umboni woti vutolo likuchokeradi ku nyengo, ndipo apa tabwereranso ku kope la mphunzitsi uja.

Si ulendo wongokadya alawansi umenewu?

Nthawi zina ndi choncho, ndipo kukana kungakhale kunama. Alipo anthu, ochokera m'mabungwe osiyanasiyana, amene amakajambulitsa zithunzi n'kubwerako opanda chonena. Muyezo wake ndi wosavuta: munthuyo anatsatira mutu uti, analembera ndani, ndipo atabwerako anafotokozera ndani?

Funso lomalizali ndi limene ofufuzafe timalephera kawirikawiri. Bambo wina wachikulire ku Kachulu anatifunsa kuti, "Ana inu, munabwera ndi mapepala anu, tinakuuzani zonse. Kumene munapita nazoko anati chiyani?" Anali ndi ufulu wonse wofunsa. Amene wapereka umboni ayenera kumva momwe mlandu wayendera, m'chinenero chake, pabwalo la mfumu yake kapena pa wailesi imene amamvera, osati mu lipoti lachingerezi la pa intaneti.

Amalipira kafukufukuyu ndani? Kodi wolipirayo sapotoza zotsatira?

Ndalama zambiri zimachokera kunja. Lipoti la IPCC la mu 2022 linanena kuti pakati pa 1990 ndi 2019, kafukufuku wokhudza Africa analandira 3.8 peresenti yokha ya ndalama za kafukufuku wa nyengo padziko lonse, ndipo mwa zochepazo, 78 peresenti inapita ku mabungwe a ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, pomwe a mu Africa analandira 14.5 peresenti.

Kupotoza manambala mwadala si vuto lofala. Vuto lenileni ndi loti wolipira ndiye amasankha funso. Ntchito ikakhala ya zaka zitatu, kuyeza kumathera pa zaka zitatu, pomwe nyengo imafuna zaka 30 kuti munthu aone chilichonse chodalirika. Ndiponso wofufuza wa kuno amasanduka wosonkhanitsa manambala, ena n'kukawatanthauzira kutali. Malo ofufuza okhazikika pa yunivesite ali ndi mwayi umodzi umene mapulojekiti alibe: sasamuka. Akhoza kusunga manambala a mtsinje wa Likangala kuchoka kwa mphunzitsi kupita kwa wophunzira wake, ngati yunivesite ndi boma ataikapo ndalama zawo, ngakhale zochepa.

Kodi mavuto onse a Chilwa ndi a kusintha kwa nyengo?

Ayi. Mitengo yatha m'mapiri a Zomba ndi Malosa chifukwa cha makala ndi moto, anthu akulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ndipo dothi lokokoloka likukwirira nyanja. Wofufuza woona amalekanitsa zathu ndi zobwera. Kukankhira zonse ku nyengo kumamveka bwino pa msonkhano, koma tsiku limene wina adzatulutsa zithunzi za setilaiti zoonetsa phiri lometedwa, umboni wathu wonse udzakayikiridwa.

Nzeru za makolo zili ndi malo pa zokambiranazi?

Zili nawo. Pangano la ku Paris limanena kuti ntchito zopirira zizitsamira pa sayansi komanso, pomwe n'koyenera, pa nzeru za anthu a kumaloko. Agogo amene amakumbukira kuti chizimalupsa chinkagwa liti, msodzi wa pa chilumba cha Chisi amene amadziwa mwera usanafike, onsewa akusunga mbiri ya zaka zimene zoyezera kunalibe. Madzi saiwala khwawa, ndipo amene amadziwa makwawa akale a napolo ndi anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Wofufuza amalemba zimenezi, n'kuziyerekeza ndi manambala, ndipo atchule kuti nzeruzo wazitenga kwa eni ake.

Dziko la Malawi nalo linalonjeza chiyani?

Tinavomereza pangano la ku Paris mu 2017. Mu 2021 tinapereka malonjezo okonzedwanso, otchedwa NDC: kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 51 peresenti pofika 2040, poyerekeza ndi momwe ukanachulukira pakanapanda kuchitapo kanthu. Mwa 51 ameneyu, 6 ndi wa mphamvu zathu, 45 akudalira thandizo lakunja. Africa yonse imatulutsa mpweya wosakwana 4 peresenti ya wa dziko lonse, choncho gawo lathu ndi laling'ono zedi, koma kuwerengera kwake n'kofunikabe. Pamafunika kudziwa kuchuluka kwa ng'ombe, feteleza wothiridwa, makala otenthedwa ndi nkhalango yotsala, ndipo imeneyi ndi ntchito ina imene imagwera ofufuza.

Ndine wophunzira. Ndingayambire pati?

Musayambe ndi kufunafuna tikiti ya ndege. Sankhani mutu umodzi, monga ndalama zopirira kapena ulimi, n'kuutsatira chaka chathunthu. Zikalata zonse za zokambirana zili pa tsamba la UNFCCC, ndipo Earth Negotiations Bulletin imalemba chidule cha tsiku lililonse la msonkhano. Achinyamata ali ndi gulu lawo la oonerera lotchedwa YOUNGO, ndipo kuno kwathu mabungwe omwe si aboma amakumana pansi pa CISONECC. Maphunziro okhudza nyengo ndi chilengedwe alipo ku Chirunga, ku LUANAR, ndi ku MUST ku Thyolo.

Posankha mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, yang'anani mpata umene palibe wautseka. Nyumba yosungira zikalata zakale ya National Archives ili mu Zomba momwemuno, ndipo muli malipoti a zaka za atsamunda onena za mvula, njala ndi kusefukira kwa madzi. Funsani aphunzitsi anu kuti ndi ati amene sanalowetsedwebe mu kompyuta. Mukamaliza, musasiye ntchitoyo m'kabati: pemphani akuthandizeni kuisindikiza, ndipo kope limodzi lachichewa mukasiye kwa mfumu ya mudzi umene munafunsamo mafunso.